Mazira a Pansi pa Ziguduli

Nsomba zinakwera Lachinayi pa 6 Novembala, madzi ochokera kudamu atangofika pansangalabwi. Nansomba anaziona ali chiimire m'mphepete mwa mtsinje, nsapato zamphira zili m'manja. Zinatuluka m'dziwe la kumunsi ziwiriziwiri, misana ikuonekera pamwamba, n'kuyamba kukumba timaenje ndi michira pakati pa miyala. Anawerenga zazikazi makumi atatu ndi zinayi, kenako anasiya chifukwa madzi anada.

Anthu amaitcha nsombayi nyambitamwala, chifukwa kamwa lake lili kunsi ndipo imadya ndere za pamiyala. Sipezeka mumtsinje wina uliwonse. Mumtsinje uwunso inatsala ndi malo amodzi oikira mazira: kachigawo ka nsangalabwi kotalika ngati theka la bwalo la mpira, makilomita asanu kumunsi kwa damu. Imaikira kamodzi pachaka. Kwa zaka ziwiri zotsatizana Nansomba sanapeze kamwana n'kamodzi komwe. Chaka choyamba matope a okonza msewu anakwirira mazira, chachiwiri nsomba sizinakwere n'komwe. Zimene zinali m'dziwemo tsopano zinali nkhalamba, ndipo nyambitamwala sikhala moyo kupitirira zaka zisanu ndi chimodzi.

Dzina loti Nansomba anamupatsa ndi alamu ake, mkazi wa achimwene ake, atangoyamba ntchito kunthambi yoona za nsomba. Achimwenewo ndiwo ankatsegula ndi kutseka geti la damu, ndipo aliyense ankangowatcha a Wageti. M'miyezi yoswana nsomba, Nansomba ankagona kwawo, kunyumba za antchito a padamu.

Dzuwa litafika pamutu madzi anayamba kuphwa. Pandodo yoyezera, yokhomedwa pamwendo wa mlatho wakale, panali masentimita 46 pamene nsomba zimaikira. Dzuwa litapendeka panali 9. Nsangalabwi zimamira zonse madzi akafika pa 30. Nsomba zazikulu zinabwerera kudziwe, kamadzi kang'ono kanatsala kakuyenda pamchenga wa pakati, ndipo miyala ya pamwamba inayamba kuyera.

Nansomba anakwera njinga yamoto ya ofesi n'kupita kudamu. Anawapeza a Wageti m'kachipinda ka makina, atakhala pampando wopanda choyedzamira, akupukuta girisi m'manja ndi kansanza. Pawindo wailesi inkalankhula yokha.

"Zakwera, achimwene."

"Lero?"

"M'mawa uno. Zaikira kale."

A Wageti anatsitsa wailesi. "Nsomba zakozo sizinamve kuti valavu inafa?"

"Zaona madzi akudzadza mwadzidzidzi, zayesa mvula yayamba."

"Ndiye kuti ndazinamiza ndine."

"Sindinatero."

"Nkhope yako yatero."

Lamulo limati damu lizitulutsa madzi a muyeso woikika tsiku lililonse kuti mtsinje usaphwe. Kale madziwo ankadzera m'paipi yaing'ono, pang'onopang'ono, usana ndi usiku. Mu Ogasiti valavu ya paipiyo inakanirira ili yotseka. Yatsopano anaitanitsa kunja, ndipo inkayembekezeka mu Januwale. Kuyambira pamenepo ankatsegula geti lalikulu. Getilo likatseguka pang'ono kwambiri limanjenjemera mpaka mabawuti kumasuka, choncho ankalikweza kufika pomwe limakhazikika, ndipo muyeso wa tsiku lonse unkatha m'maola atatu.

"Simungalitsegulenso pang'ono pokha?" anafunsa Nansomba.

"Iwe, geti ili lilibe pang'ono. Ukudziwa bwino. Pita kwa a injiniya, ine changa n'kudina batani."

A injiniya anali kutauni tsikulo. Nansomba anawapeza mawa lake m'ofesi mwawo, momwe munali chithunzi chachikulu cha damu likumangidwa ndi fani yozungulira mokhosomola. Anamupatsa mpando, namvetsera mpaka anamaliza.

"Lamulo sitinaphwanye, mayi. Madzi onse akutuluka."

"Akutuluka, bwana, koma mazira sadziwa za muyeso wa tsiku. Inuyo atakupatsani mpweya wa tsiku lonse m'mawa kuti mupumiretu, mungafike madzulo?"

A injiniya anaseka pang'ono, kenako anavula magalasi. "Nenani zomwe mwaganiza. Mwina pali chimene sindinachione."

Nansomba anafunsa ngati sangaponye mapaipi pamwamba pa khoma kuti azikoka madzi okha. A injiniya anati paipi yotere sikweza madzi kupitirira mamita asanu ndi atatu, ndipo madzi a m'damu anali atatsika mamita khumi ndi limodzi. Anafunsa za kusiya geti lotsegula. Anamuyankha kuti tsiku limodzi lotero limadya madzi a masiku asanu ndi atatu, damu lili pagawo limodzi mwa magawo atatu, mvula sinayambe, ndipo tauni yonse imamwa momwemo, ndi zipatala zomwe. A injiniya anafunsanso okha za pampu yokoka madzi m'dziwe. Apa Nansomba ndiye anapukusa mutu. Nsangalabwi zimadontha ngati sefa. Pampu ikhoza kunyowetsa miyala koma osaimiza.

"Dzira likhoza kupirira kunja kwa madzi bola lisaume," anatero. "Zimenezo ndiyesetsa ndekha. Koma likaswa, kamwanako kamapuma m'madzi basi. Masiku oswawo ndi amene ndikupempha, ndi ena awiri oti tiana tipeze mphamvu zotsikira kudziwe."

"Masiku angati?"

"Anayi."

"Kulikulu sapereka chilolezo cha tsiku lililonse lomwe nsomba zafuna. Afuna deti loyamba ndi lomaliza, ndipo alimi a kumunsi tiyenera kuwadziwitsa achotse mapampu awo m'mphepete. Mundipatse madeti."

Nansomba sanachedwe kuyankha. Kwa zaka zisanu ndi zinayi zomwe anayang'anira malowo, mazira ankaswa patsiku la khumi ndi chiwiri, m'madzi a madigiri 21. Tsikulo linali pa 18. Anaonjezera tsiku limodzi kutsogolo kuti asadzidzimuke.

"Lolemba pa 17 mpaka Lachinayi pa 20."

A injiniya analemba. Anavomeranso chinthu chimodzi chomwe chinali m'manja mwawo: geti lizitsegulidwa mochedwerapo, kuti madzi aziphimba miyala nthawi ya dzuwa la pamutu.

Nansomba anapeza ziguduli kwa wosunga katundu wa padamu, zakale, zonunkha fumbi. Alamu ake, amene anali telala, anazitumbula n'kuzilumikiza pamakina zisanuzisanu, singano ziwiri n'kuthyoka.

"Ana a anthu ena amafunda bulangete la m'sitolo," anatero alamuwo akupalasa makina. "Anuwa chiguduli. Bambo awo akudziwa?"

"Bambo awo ali m'dziwe, alamu."

"Amuna ndi choncho. Kungoikira, uyo wapita."

Ntchito yake inali yofanana tsiku lililonse. Madzi akayamba kuphwa, ankayala ziguduli pamwamba pa timaenje, akuponda pamatabwa kuti asaphwanye mazira. Kenako ankatunga madzi pakamadzi ka pakati ndi makeni othirira kudimba, n'kumathira kuchokera kumtunda mpaka kumunsi. Akafika kumunsi, kumtunda kunali kutayamba kuuma. Alamu ankasiya zosoka n'kubwera masana. A Wageti ankabwera akaweruka, atapinda buluku, akudandaula za msana. Usiku mame ankathandiza. M'mawa ankachotsa zigudulizo madzi a geti asanafike, kuti zisakokoloke.

Alimi odutsa pamlatho ankaima n'kumafunsa chomwe anabzala pamiyala.

"Nsomba," alamu ankayankha osatukula mutu. "Mudzabwere pokolola."

Pofika Lolemba zikhato za Nansomba zinali zitatuluka matuza. Mazira a m'mbali, kumene ziguduli sizinkafika, anayera n'kuuma ngati mchere. A pansi pa ziguduli anali oonekera mkati, amoyo.

Lachiwiri pa 11 anatukula kamwala kamodzi n'kuyang'ana ndi galasi lokuzira zinthu. M'dzira lililonse munali timadontho tiwiri takuda. Anapatsira alamu galasilo.

"Tikundiyang'ana," anatero alamu. "Maso a banja lanu enieni. Nanga simukusangalala bwanji?"

Nansomba anawerenga masiku. Maso amaoneka patsiku lachisanu ndi chiwiri. Ili linali lachisanu. Anapita kuchikwama n'kutenga choyezera kutentha. M'kamadzi ka pakati chinaonetsa 21, monga mwa masiku onse. Anachilowetsa pansi pa chiguduli, pakati pa miyala, n'kudikira. Chinakwera mpaka 27.

"N'chiyani?" anafunsa alamu.

"Dzira likafunda limakula msanga. Madeti aja ndinawerengera madzi a mumtsinje. Koma mazirawa sakukhala mumtsinje, akukhala pansi pa chiguduli."

"Ndiye aswa liti?"

"Loweruka. Mwina Lamulungu."

"Geti ndi Lolemba."

"Eya."

Alamu anayang'ana ziguduli zomwe anasoka, zitandandalika mpaka kumunsi. "Tizichotse?"

"Tikachotsa auma lero lomwe."

"Nanga tiwauze adikire?"

Palibe anaseka. Alamu anatola keni n'kupita kukatunga.

Lachitatu m'mawa Nansomba anali pakhomo pa ofesi ya a injiniya isanatsegulidwe. A injiniya anafika akumwetulira, pepala lili m'manja. Chilolezo chinali chitabwera madzulo a dzulo lake, chosainidwa ndi anthu atatu, madeti ake omwe aja.

"Sizichitikachitika izi, mayi. Masiku anayi okha chatuluka."

Nansomba anawafotokozera za madigiri. A injiniya anakhala pansi, naika pepalalo patebulo mosamala. Anaimba foni kulikulu iye ali pomwepo. Anawauza kuti kusintha deti kumafuna komiti ya anthu atatu osaina aja, ndipo komitiyo imakumana Lolemba. Anapempha kulankhula ndi wapampando. Anali paulendo wa kunja. Wachiwiri wake anati atha kusaina ngati wa zachitetezo wasaina, wa zachitetezo anati alimi anauzidwa kale za pa 17 ndipo sangalole madzi kutsika Loweruka, tsiku lomwe anthu amachapa ndi kuwoloka ndi katundu wa kumsika.

"Sakunama," anatero a injiniya atadula foni. "Palibe amene akunama."

"Ndikudziwa, bwana."

"Simungawanyamule mazirawo n'kuwaika m'thanki?"

"Amamatirira kumiyala. Tinayesapo zaka ziwiri kuofesi. Anaswa, koma tiana tinakana kudya."

A injiniya anati ayesanso mawa. Anayesadi Lachinayi ndi Lachisanu, ndipo yankho silinasinthe.

Masiku amenewo Nansomba anayesa kuziziritsa miyala. Anasanjikiza ziguduli ziwiriziwiri pomwe zinakwanira. A Wageti anadula mabango n'kumanga timithunzi, tomwe madzi a geti ankatenga tsiku lililonse. Choyezera chinatsika kufika pa 25, osapitirira apo. Lachisanu madzulo tiana tinkaoneka tikutembenuka m'kati mwa mazira.

"Nditsegule ndekha mawa," anatero a Wageti akubwerera kunyumba, makeni ali paphewa. "Andichotse ntchito, basi."

"Ndipo wina akakokoloka pokawoloka?"

A Wageti anayenda kanthawi, kenako anati, "Mayi akanakhala moyo akanati iwe unayamba kale kuvutitsa anthu ndi tizilombo. Paja unasunga achule m'ndowa yomwera."

"Anali anamchidwe."

"Anasanduka achule, ndipo ndinakwapulidwa ndine."

Loweruka pa 15 geti linatsegulidwa ndi kutsekedwa monga mwa nthawi zonse. Pamene madzi amaphwa mazira anali asanaswe. Nansomba ndi alamu anayala ziguduli, nathira ulendo woyamba, nathira wachiwiri. Paulendo wachitatu Nansomba anatukula ngodya ya chiguduli cha kumtunda. Pakati pa miyala panali tinthu tonga ulusi, totalika ngati nsidze imodzi, tili ndi kamimba kachikasu. Tinkaphiriphitha m'kachinyezi kotsalira. Anatukula chiguduli chachiwiri, kenako chachisanu. Monse munali chimodzimodzi. Mazira onse anaikiridwa m'mawa umodzi, ndipo ankaswa limodzi.

Anaimbira achimwene ake. A Wageti anaimbira a injiniya, amene anali kunyumba kwawo. Posakhalitsa foni ya Nansomba inalira.

"Akuti nditsegule, akayankha okha kukomiti Lolemba," anatero a Wageti. "Ndayamba kuliza sayirini yochenjeza anthu."

"Simungatsegule ikulira?"

"Theka la ola, iwe. Pali amayi pamadooko onse. Wachitetezo wapita ndi galimoto kukawachotsa."

"Achimwene."

"Ndamva. Koma sindingatero."

Kuchokera kudamu kufika pansangalabwi madzi amayenda pafupifupi maola awiri. Nansomba ankadziwa zimenezi kuposa wina aliyense, chifukwa anayeza yekha kangapo. Sayirini inamveka patali, kamawu kochepa. Anatola keni n'kuthira. Madzi ankalowa pakati pa miyala n'kuzimirira nthawi yomweyo, tiana n'kugwedezeka kamodzi, kenako n'kugonanso.

Alamu anathamangira kwa mlimi wa pafupi n'kubwera ndi beseni lochapira ndi masupuni awiri. Analitsuka, nathiramo madzi, n'kuliika pamthunzi wa mlatho. Anagwada pamatabwa n'kuyamba kutola. Kamwana kamodzi kankafuna kuchotsa miyala itatu kapena inayi, kulowetsa supuni m'munsi, ndi kukankhira ndi kaudzu. Tambiri tinkaphwanyika pokankhapo. Tina tinkalowa pansi kwambiri, posafika supuni.

"Aka kali moyo?" alamu ankafunsa, akuonetsa supuni.

"Ikani."

"Nanga aka?"

"Ako ayi."

Patapita ola, "ayi" anachuluka. Alamu anasiya kufunsa, ankangoyang'ana okha n'kupukuta supuni pachitenje. Nansomba ankasinthasintha, kutola pang'ono, kuthira pang'ono, mpaka anaona kuti pomwe akuthira palibe chikugwedezeka. Tiana tinali titayera, tili mbwee pamiyala ngati ulusi woduka pansi pa makina osokera. Nyerere zinayamba kufika kuchokera kumtunda.

Madzi anamveka asanaoneke. Anakoka matabwa ndi ziguduli n'kukwera nazo kumtunda. Mutu wa madziwo unafika wofiira, utanyamula zinyalala ndi mabango, n'kukwera pamiyala yonse m'kanthawi kochepa. Nansomba anakhala pansi pa mlatho, beseni lili pakati pa miyendo, n'kuwerenga. Tinalimo 61. Nsomba yaikazi imodzi imaikira mazira oposa zikwi ziwiri.

Anadikira mpaka madzi anayera. Kenako analowa m'mphepete, posathamanga kwambiri, namiza besenilo pang'onopang'ono pafupi ndi miyala ikuluikulu. Tiana tinatuluka n'kulowa pansi pa miyalayo. A Wageti anafika ndi njinga yakapalasa dzuwa likulowa, akupuma mofulumira. Anayang'ana madzi, kenako anayang'ana mlongo wawo.

A injiniya analamula kuti geti lisatsekedwe Lamulungu. Lolemba komiti inakumana, inawadzudzula polemba, n'kusiya chilolezo monga chinalili. Lachiwiri Nansomba anapita kukauza a injiniya kuti tiana totsala tiyenera kuti tatsikira kale kudziwe, ndipo akhoza kutseka kuti asunge madzi a tauni.

"Kutseka msanga kukufunanso komiti," anatero a injiniya. "Ndipo alimi abzala kale m'mbali, akudalira madzi mpaka Lachinayi." Kenako anafunsa: "Tinachedwa kwambiri?"

"Maola awiri."

Madzi anayenda usana ndi usiku mpaka pa 20, oyera, ozizira, akuya bwino pansangalabwi ponse. M'zaka zonse zomwe Nansomba anagwira ntchito pamenepo sanaonepo malowo ali abwino chotero. Nsomba zazikulu sizinakwerenso.

Lachinayi m'mawa anatchera kaukonde ka maso aang'ono pomwe madzi amalowera m'dziwe, n'kumakavuula pafupipafupi mpaka masana. Anakhuthulira zonse m'mbale yoyera n'kusankha ndi kaudzu: masamba, mphutsi za m'madzi, mchenga. Anapezamo tiana tiwiri ta nyambitamwala, kamimba kachikasu katatha, tikusambira. Panalibe njira yodziwira ngati tinali ta m'beseni lija kapena tina tomwe tinabisala pansi kwambiri. Anatiyeza utali n'kutibwezera m'madzi.

Madzulo anadzera kuchipinda cha makina. A Wageti anali atangotseka geti, ndipo chitsulo chinali chikadali kulira pang'ono.

"Wapeza?" anafunsa.

"Tiwiri."

"Tiwiri tikukwana?"

"Sitikwana, achimwene."

A Wageti anagwedeza mutu. Anasuntha pampando paja kuti mlongo wawo akhale mbali ina.